George Washington Carver, Katswiri Wodziwa Kuluka

George Washington Carver anabadwa ali kapolo ku Missouri, m'dziko la America, ca m'ma 1864. Amai ace anabedwa iye ali khanda. Anamulera ndi Mai Susan Carver, mkazi wa mwini munda.

George anali mwana wodwaladwala, ndipo sankatha nchito zolemetsa za kumunda. Conco Mai Susan anamuphunzitsa kuphika, kusoka ndi kuluka. Anadziwa kuluka ndi singano ziwiri, ndiponso ndi kasingano kangowe.

Atakula, anaphunzira za zomera. Mu 1896 anayamba kuphunzitsa zaulimi pa sukulu ya Tuskegee, ku Alabama. Kumeneko nthaka inali itaguga cifukwa colima thonje caka ndi caka. Iye analangiza alimi osauka kuti azisinthanitsa thonje ndi mtedza, khobwe ndi mbatata. Mbewu zimenezi alimi a ku Mecanhelas amazidziwa bwino.

Dzina lace linamveka kutali, koma Carver sanasiye kuluka, ndipo sanacite nako manyazi pokhala mwamuna. Ankalukabe ngakhale atakalamba. Anamwalira pa 5 Januwale 1943. Zina mwa zimene analuka zinasungidwa ku Tuskegee, m'nyumba yocedwa ndi dzina lace.