Akidikoni Johnson: Mtsogoleri Wodziwa Msinkhu wa Anthu Ake

Amayi anzathu, ife a kuno ku Mtakataka tikaima pa gombe timaona nyanja imene Akidikoni William Percival Johnson anayendapo zaka zoposa 40. Moyo wao uli ndi phunziro kwa mayi aliyense amene anasankhidwa kutsogolera anzake.

Bambo Johnson anabadwa ku England m'chaka cha 1854 ndipo anaphunzira ku Oxford. Analowa mishoni ya UMCA mu 1876. Mu 1880 anakakhala ku Mwembe kwa Mfumu Mataka, koma chaka chotsatira anachotsedwako. Anafika kunyanja mu 1882 pamodzi ndi Bambo Charles Janson, amene anamwalira atangofika kumene. Mu 1884 anadwala maso kwambiri, diso limodzi linafa ndipo linalo linkangoona mwachimbuuzi.

Munthu wotere sakadatha kugwira yekha ntchito ya m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja. Anadalira aphunzitsi achikuda, amene ankawakhazika m'midzi, iwo namawayendera pa sitima yotchedwa Charles Janson. Koma sankawatenga onse mofanana.

Wongoyamba kumene ankayamba waphunzitsidwa ali pafupi ndi womuyang'anira. Sitima yachiwiri, Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda mu 1901, inali ndi malo ophunziriramo, ndipo ku Kobwe kunali koleji ya aphunzitsi ya St Michael's. Amene wadziwa ntchito ankapatsidwa mudzi ndi sukulu yake, komabe sitima inkafika kudzaona ana a sukulu, kumva mavuto ndi kumulimbitsa mtima, popeza kukhala wekha pakati pa anthu osakudziwa kumafoola ngakhale waluso. Amene waonetsa luso ndi kukhulupirika kwa zaka zambiri ankasiyiridwa ntchito yonse. Chitsanzo ndi Bambo Augustine Ambali, amene anaomboledwa ku ukapolo ali mnyamata. Iwowa anayamba ngati mphunzitsi, anakhala dikoni, kenaka wansembe mu 1906, ndipo anatsogolera mpingo wa ku Msumba zaka zambiri.

Ngakhale olowa mumpingo ankayenda ndi makwerero. Munthu ankayamba ndi kumva mau, akaonetsa kuti watsimikiza mtima ankalandira mtanda, ndipo ubatizo unkabwera pambuyo pa maphunziro ena. M'mera mpoyamba, ndipo mbande siithiriridwa ngati mtengo waukulu.

Bambo Johnson anakhala Akidikoni mu 1896. Anamasulira Baibulo m'Chinyanja cha ku Likoma, ndipo Yunivesite ya Oxford inawalemekeza ndi digiri yaulemu mu 1911. Anamwalira pa 11 Okutobala 1928 ku Liuli, ku Tanzania, komwe anaikidwa. Atapita ntchito siinaime, chifukwa panali anthu amene anali atazolowera kale kuisenza.

Nanga m'magulu mwathu zikuyenda bwanji? Mayi amene wavala yunifolomu chaka chino ali ndi changu, koma buku la ndalama sakulidziwa. Tikamusiyira thumba la gulu osamuonetsa kalembedwe kake, ndalama zikasokonekera tidzamutcha wakuba pomwe sanabe, ndipo sitidzamuonanso. Ameneyu tikhale naye pansi, timuonetse chimodzichimodzi. Wina ntchito amaidziwa bwino koma mtima wagwa chifukwa cha maliro, matenda kapena miseche. Ameneyu safunika malangizo, akufunika kuyenderedwa kunyumba ndi kumvedwa. Pali mayi winanso amene wayendera odwala ndi kuphika pa maliro zaka 20 osatopa. Tikamamulondalonda ngati mwana timamunyoza, ndipo tsiku lina adzangokhala pansi. Ameneyu timupatse ntchito yonse, ife tidikire lipoti.

Tikumbukirenso kuti mayi mmodzi yemweyo atha kukhala katswiri pa kwaya koma wongoyamba pa ulembi, ndipo amene anali wolimba chaka chatha atha kufooka chaka chino.

Pempho lathu kwa amayi apampando ndi lakuti msonkhano ukubwerawu usanafike, atenge kaundula wa gulu, aone dzina lililonse ndi kudzifunsa kuti: kodi uyu akufunika kuphunzitsidwa, kulimbikitsidwa, kapena kukhulupiriridwa?

Ambuye adalitse utumiki wanu.