HAKARU HASHIMOTO, DOTOLO WA KUMUDZI AMENE ANATULUKIRA NTHENDA YA CHITHOKOMIRO

Kuno ku Tete ndi ku Niassa tonse tinaonapo munthu wotupa khosi, makamaka amayi a kumapiri. Kawirikawiri kutupako kumadza chifukwa chosowa ayodini m'zakudya, n'chifukwa chake azaumoyo amatilimbikitsa kugula mchere wa ayodini. Koma pali kutupa kwina kwa chithokomiro kumene mchere sungachize. Munthu woyamba kuzindikira nthendayi anali dotolo wa ku Japan, dzina lake Hakaru Hashimoto.

Hashimoto anabadwa pa 5 Maio 1881 m'mudzi wina wa m'chigawo cha Mie. Bambo ake ndi agogo ake anali madotolo, ndipo iye anatsata mapazi awo. M'chaka cha 1903 analowa sukulu ya udotolo ku Fukuoka, natsiriza mu 1907. Kenaka anayamba ntchito ya opaleshoni pansi pa mphunzitsi wake, Hayari Miyake.

Ali pantchitoyo anapima zithokomiro za amayi anayi amene anachitidwa opaleshoni. Poziyang'ana ndi makina okulitsa tinthu tating'ono, anaona kuti zinali zodzaza ndi maselo oyera a m'magazi, aja timati asilikali a m'thupi, ndipo mnofu weniweni wa chithokomiro unali kutha. Mu 1912, ali ndi zaka 31, analemba zimene anaonazo m'magazini ya madotolo ya ku Germany. Madotolo ambiri sanalabadire, poganiza kuti inali nthenda ina yodziwika kale.

Chaka chomwecho anapita ku Göttingen, m'dziko la Germany, kukapitiriza maphunziro, koma nkhondo ya 1914 inamubweza. Mu 1916 anabwerera kumudzi kwawo natsegula chipatala. Kuyambira pamenepo moyo wake unali wochiza anthu a kumudzi ndi kuyendera odwala m'makomo. Kumeneko anatenga tayifodi, namwalira pa 9 Janeiro 1934 ali ndi zaka 52. Anapita asanadziwe chimene chinayambitsa nthenda imene anaitulukira.

Yankho linabwera mu 1956, patapita zaka 22. Ku London, Deborah Doniach ndi Ivan Roitt anapima magazi a odwala nthendayi. Thupi likalowedwa ndi tizilombo limapanga zida zotchedwa antibody, zimene zimagwira mdaniyo kuti aphedwe. Awiriwa anapeza kuti mwa odwalawo zidazo zinali zolimbana ndi chithokomiro cha mwini thupi. Kunena mwachidule, alonda anatembenukira nyumba imene ankailonda.

Nanga n'chiyani chimasokoneza alondawo? Mbali ina ndi ya kumtundu, pakuti nthendayi imayenda m'banja ndipo imagwira amayi kuposa abambo. Mbali ina imene akatswiri akuifufuza ndi ya mavairasi. Odwala chiwindi cha hepatitis C amapezeka ndi vutoli kuposa anthu ena, makamaka amene analandira mankhwala a interferon. Palinso vairasi ya Epstein-Barr, imene pafupifupi munthu wamkulu aliyense ali nayo. Iyo imabisala moyo wonse m'maselo omwewo amene amapanga ma antibody, ndipo ikadzuka imatha kuwachititsa kupanga zida mosalongosoka. Ena akuganizanso kuti zigawo zina za vairasi zimafanana ndi za chithokomiro, kotero thupi pothamangitsa mdani limamenya ndi m'bale yemwe.

Chithokomiro chikaonongeka chimaleka kutulutsa mahomoni okwanira. Munthu amangotopa, amamva kuzizira ngakhale m'nyengo yotentha, amanenepa, khungu limauma, tsitsi limasosoka, ndipo kwa amayi msambo umasokonekera. Ambiri amathamangira kuganiza zamaula, pomwe kupima magazi kuchipatala kumaulula vutolo. Mankhwala ake ndi piritsi la levothyroxine, limodzi patsiku, ndipo ambiri amamwa moyo wawo wonse nagwira ntchito zawo monga kale. Mayi woyembekezera ndiye ayenera kufulumira koposa, chifukwa mahomoniwa ndi ofunika pa kukula kwa ubongo wa mwana.

Lero madotolo a dziko lonse lapansi amaitchula nthendayi ndi dzina la Hashimoto, ndipo pa yunivesite ya Kyushu ku Fukuoka, pomwe anaphunzira, pali msewu wa dzina lake.