Wilt Chamberlain: cimphona ca mapointi 100 cimene cinatenga zikho ziwiri cabe

Caka ciliconse, pamene ligi ya basketball ya ku America ya NBA ifika pa ndime yocotsana, okonda masewerawa amadzutsanso mkangano wakale wofuna kudziwa katswiri woposa onse. Ena amachula Michael Jordan, ena LeBron James, enanso Bill Russell. Koma mkanganowu sumatha popanda dzina la malemu Wilt Chamberlain, amene anamwalira m'caka ca 1999.

Chamberlain ndiye yekha amene anagoletsa mapointi 100 m'gemu imodzi ya NBA. Ngakhale n'tero, pa zaka 14 zimene anasewera m'ligiyi anatenga cikho kawiri cabe, ndipo zikho zonse ziwiri zinadza pa nthawi imene iye anali atacepetsa kugoletsa. Kamba ka ici, moyo wake ndiwo umene anthu amakumbukira akamafunsa ngati wosewera ayenera kuyesedwa ndi manambala ake kapena ndi zikho za timu yake.

Ubwana wake ku Philadelphia

Wilton Norman Chamberlain anabadwa pa 21 August 1936 mu mzinda wa Philadelphia, m'banja la ana 9. Ali mwana anali kukonda kwambiri mpikisano wothamanga ndi wodumpha, koma msinkhu wake unamukokera ku basketball. Atakula anafika mamita 2.16, ndipo pa sukulu ya sekondale ya Overbrook mbiri yake inali itamveka kale m'dziko lonse la America.

M'caka ca 1955 analowa pa yunivesite ya Kansas. Pa nthawiyo malo odyera ambiri a m'tauni ya Lawrence, kumene kuli yunivesiteyi, anali kusankha anthu akuda, koma mnyamatayu anali kulowa ndi kukhala pansi mosalabadira tsankholo. M'gemu yake yoyamba m'timu yaikulu ya sukuluyi, mu December 1956, anagoletsa mapointi 52.

M'caka ca 1957 timu ya Kansas inafika pa ndime yomaliza ya mpikisano wa mayunivesite, koma inagonja kwa North Carolina ndi mapointi 54 kwa 53 pambuyo poonjezera nthawi katatu. Chamberlain anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa, koma cikho cinapita kwa ena. Zotere zinamucitikiranso kangapo m'zaka zotsatira.

Malamulo a NBA sanali kulola wophunzira kulowa m'ligi anzake a m'kalasi asanatsirize maphunziro. Conco atasiya sukulu mu 1958 anasewera caka cimodzi m'timu yosangalatsa anthu ya Harlem Globetrotters, imene anapita nayo mpaka ku Moscow mu 1959.

Zaka za manambala odabwitsa

Analowa m'timu ya Philadelphia Warriors m'caka ca 1959. M'nyengo yake yoyamba anali kugoletsa avereji ya mapointi 37.6 pa gemu, ndipo anali kugwira mipira 27 yobwerera kucokera pa basiketi, imene amati ma rebound. Anapatsidwa mphoto ziwiri pamodzi, ya wosewera watsopano wabwino koposa ndi ya wosewera wofunika koposa m'ligi. Mu November 1960, posewera ndi Boston Celtics, anagwira ma rebound 55, nambala imene palibe anaifikapo kufikira lero.

Nyengo ya 1961-62 ndiyo imadabwitsa kwambiri. Anagoletsa mapointi 4,029, kutanthauza avereji ya 50.4 pa gemu. Anali kusewera mphindi 48.5 pa gemu, pamene gemu yonse imatenga mphindi 48, cifukwa sanali kupuma konse ndipo magemu ena anali kuonjezeredwa nthawi.

Pa 2 March 1962, m'tauni yaing'ono ya Hershey ku Pennsylvania, Warriors inagonjetsa New York Knicks ndi mapointi 169 kwa 147, ndipo 100 mwa mapointiwa anali a Chamberlain. Oonerera anali 4,124 cabe ndipo gemuyi sinajambulidwe pa wailesi yakanema. Kobe Bryant atagoletsa mapointi 81 mu 2006 dziko linazizwa, koma anali ataperewerabe ndi 19.

Mphamvu zake zinacititsa akuluakulu a ligi kusintha malamulo. M'caka ca 1964 anakulitsa malo a pansi pa basiketi, amene wosewera saloledwa kuimamo kupitirira masekondi atatu, kucoka pa mamita 3.7 kufika pa 4.9. Colinga cinali cakuti amusunthire kutali ndi basiketi.

Khoma la ku Boston

Ndime yocotsana ili ndi khalidwe lake. Matimu awiri amakumana mobwerezabwereza kufikira imodzi itapambana kanayi mwa magemu 7, conco mphunzitsi amakhala ndi nthawi yophunzira wosewera mmodzi woopsa ndi kumukonzera msampha. Avereji ya Chamberlain ya moyo wonse ndi mapointi 30.1, koma m'ndime yocotsana inatsika kufika pa 22.5.

Mdani wake wamkulu anali Bill Russell wa Boston Celtics, munthu amene sanali kugoletsa kwambiri koma anali kuchinga ndi kupatsira anzake mpira msanga. Awiriwa anakumana m'ndime yocotsana maulendo 8 pakati pa 1960 ndi 1969, ndipo timu ya Russell inapambana maulendo 7. Russell anasiya masewera ali ndi zikho 11.

Otsutsa Chamberlain amaima pa nambala imeneyi. Koma omuikira kumbuyo amakumbutsa kuti maulendo anayi nkhondoyi inafika pa gemu ya nambala 7, ndipo mapointi onse amene anagonja nawo m'magemu anayiwo pamodzi ndi 9 cabe. Mu 1962 Sam Jones anagoletsa kutatsala masekondi awiri ndipo Boston inapambana 109 kwa 107. Mu 1965, Chamberlain atasamukira ku Philadelphia 76ers, John Havlicek analanda mpira m'masekondi otsiriza ndipo Boston inapulumuka ndi 110 kwa 109. Mu 1968 kusiyana kunali mapointi anayi, ndipo mu 1969 kunali awiri.

Kusintha kumene kunabweretsa cikho

Mphunzitsi Alex Hannum ndiye anamuuza poyera kuti mutu umodzi susenza denga. M'nyengo ya 1966-67 anamupempha kuti acepetse kuponya, alimbikire kuchinga, ndipo azigawira mpira kwa Hal Greer, Chet Walker ndi Billy Cunningham. Chamberlain, amene anali atatsogola pa kugoletsa zaka 7 zotsatizana, anavomera.

Avereji yake inatsika kufika pa mapointi 24.1, koma mipira 68 mwa 100 iliyonse imene anaponya inalowa. Timu ya 76ers inapambana magemu 68 ndi kugonja 13, kenaka inacotsa Boston ndi magemu 4 kwa 1, kuthetsa ulamuliro wa zikho 8 zotsatizana. Pa ndime yomaliza inagonjetsa timu yake yakale ya Warriors, imene inali itasamukira ku San Francisco.

Caka cotsatira anaposa onse m'ligi pa kupatsira anzake mipira yogoletsera, imene inakwana 702, cinthu cimene wosewera wa pakati aliyense anali asanacitepo. Komabe 76ers inataya mwayi itatsogola kale ndi magemu 3 kwa 1 pa Boston. M'cigawo caciwiri ca gemu yotsiriza Chamberlain sanaponye kwenikweni, ndipo anthu omwewo amene kale anali kumunena kuti ndi waumbombo ndi mpira anayamba kumunena kuti anacita mantha.

Ku Los Angeles

Mu July 1968 anagulitsidwa ku Los Angeles Lakers, kumene anapeza Jerry West ndi Elgin Baylor. Pa gemu yotsiriza ya ndime yomaliza ya 1969, kutatsala mphindi pafupifupi zisanu, anavulala bondo ndi kutuluka m'bwalo. Atapempha kuti abwerere, mphunzitsi Butch van Breda Kolff anakana, ndipo Boston inatenga cikho ndi mapointi 108 kwa 106.

Pambuyo pake Russell ananena pagulu kuti kuvulalako sikunali kokwanira kutulutsa munthu m'gemu yotere. Mawuwa anaphwanya ubwenzi wa anthu awiri amene kale anali kudyera pamodzi kunyumba kwa makolo a Chamberlain. Anakhala osalankhulana zaka zoposa 20, kufikira Russell atapepesa ndipo anagwirizananso.

Mu 1970 Lakers inagonjanso pa gemu ya nambala 7, ulendo uno kwa New York Knicks ya Willis Reed, ngakhale kuti Chamberlain anali atagoletsa mapointi 45 m'gemu ya nambala 6, patapita miyezi yocepa cicitireni opareshoni ya bondo.

Cikho caciwiri cinadza mu 1972 pansi pa mphunzitsi Bill Sharman, amene anaseweraponso ndi Russell ku Boston. Sharman anamupatsa nchito yofanana ndi ya mdani wake wakale: kuchinga, kugwira ma rebound ndi kuponyera mpira kutsogolo kwa West ndi Gail Goodrich. Chamberlain anali kugoletsa mapointi 14.8 cabe pa gemu, koma Lakers inapambana magemu 33 motsatizana, mbiri imene ikalipobe. Inacotsa Milwaukee Bucks ya Kareem Abdul-Jabbar, kenaka inagonjetsa Knicks ndi magemu 4 kwa 1. M'gemu yotsiriza, ali ndi zaka 35 ndiponso dzanja lovulala, anagoletsa mapointi 24 ndi kugwira ma rebound 29, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wofunika koposa wa ndime yomaliza.

Anasiya masewera mu 1973 ali ndi mapointi 31,419 ndi ma rebound 23,924. Abdul-Jabbar anapitirira mapointi ake mu 1984, koma ma rebound ake palibe anawafika. Pa magemu 1,045 sanatulutsidwepo m'bwalo kamba kokwanitsa mafaulo 6. Cofooka cake cacikulu cinali mipira yaulere yoponya pambuyo pa faulo, imene anali kulowetsa theka lokha.

Kumuyerekeza ndi osewera a masiku ano

Basketball ya masiku ano ndi yosiyana ndi imene Chamberlain anasewera. Mzere wa mapointi atatu unalowa mu NBA mu 1979, iye atasiya kale. Timu yake yakale, imene tsopano imachedwa Golden State Warriors, inatenga zikho mu 2015, 2017, 2018 ndi 2022 podalira mipira yakutali ya Stephen Curry. Aphunzitsi ambiri tsopano amamwaza osewera m'bwalo lonse, ndipo m'ndime yocotsana amakokera dala wosewera wamtali kunja kuti alimbane ndi wamfupi wothamanga.

Amene amakayikira manambala ake amati pa nthawiyo ligi inali ndi matimu 8 kapena 9 cabe, poyerekeza ndi 30 a lero, ndiponso kuti matimu anali kuponya mothamanga ndi kuphonya kwambiri, zimene zinaculukitsa mapointi ndi ma rebound. Enawo amayankha kuti kucepa kwa matimu kunali kumukumanitsa ndi Russell kawirikawiri, ndipo pa osewera onse a nyengo imeneyo palibe wina anafika pa avereji ya mapointi 40. Amaonjezanso kuti ligi inayamba kuwerenga mipira yochingidwa m'nyengo ya 1973-74, conco mbali yaikulu ya nchito yake sinalembedwe.

Munthu amene anali katswiri wa mpikisano wodumpha pa yunivesite sakanavutika ndi liwiro la masiku ano, koma mipira yaulere ikanapatsa adani ake njira yomufooketsera pomucitira mafaulo adala. Ndipo kaseweredwe kake ka 1967 ndi 1968, koyendetsa timu yonse kucokera pakati, ndiko kanapatsa Nikola Jokić ndi Denver Nuggets cikho ca 2023.

Zaka zake zomaliza

Atasiya basketball analowa m'masewera a volleyball ndi m'malonda, ndipo mu 1984 anaoneka mu filimu ya Conan the Destroyer. Sanakwatirepo. Buku lake la 1991 linamubweretsera citonzo kamba kodzitama za kuculuka kwa akazi amene anagona nawo, pa nthawi imene Magic Johnson analengeza kuti ali ndi kacilombo ka HIV.

Mu January 1998 anabwerera ku yunivesite ya Kansas ku mwambo wolemekeza nambala yake ya 13. Anali atapewa mwambo wotere kwa zaka zambiri poganiza kuti anthu akali kumuimba mlandu wa kugonja kwa 1957, koma khamu linamulandira ndi kuomba m'manja kwa nthawi yaitali. Anamwalira ndi matenda a mtima kunyumba kwake ku Bel Air mu Los Angeles pa 12 October 1999, ali ndi zaka 63.

Kuyambira mu 2009, mphoto ya wosewera wofunika koposa wa ndime yomaliza imadziwika ndi dzina la Bill Russell. Mu December 2022 ligi inapatsa dzina la Michael Jordan ku mphoto ya wosewera wofunika koposa wa nyengo yonse, ndipo dzina la Wilt Chamberlain inaliika pa mphoto ya wosewera watsopano wabwino koposa, imene iye anatenga mu 1960 ndi avereji imene wosewera watsopano aliyense akali kuilephera.