Daniel Kachamba: Katakwe amene adasunga kwela

Anyamata amene mumawapeza pamsika wa Balaka, pa Liwonde kapena pa Ntaja akukhwatcha banjo yopanga okha, wina atakhalira chigitala cha nsambo imodzi chija amati babatoni, ambiri sadziwa kuti chamba chawocho chili ndi kwawo. Mukawafunsa angokuuzani kuti n'zamakolo. Komatu maimbidwewa adabwera pasitima ndi pabasi, m'masutikesi a amatchona, ndipo munthu amene adawapatsa nkhope ya Chimalawi ndi malemu Daniel James Kachamba.

Kachamba adabadwira ku Limbe m'chaka cha 1947, koma kumudzi kwawo ndi kwa Singano kufupi ndi bwalo la ndege la Chileka m'boma la Blantyre. Mu 1957, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, banja lawo lidasamukira ku Salisbury, komwe lero ndi ku Harare, monga momwe ankachitira Amalawi ambiri osaka ntchito. Lidakhalako mpaka 1961. Zaka zinayi zokha, koma ndi zimene zidaumba moyo wake wonse.

Masiku amenewo kummwera konse kwa Africa kuno kudali kutavuta kwela. Chambachi chidayambira m'makwalala a Johannesburg, komwe tianyamata tosauka tinkaimba zitoliro zachitsulo zotsika mtengo pofuna kutsanzira magulu a jazi a ku America amene tinkawaona m'mafilimu. Wa chitoliro ankaima m'malo mwa woimba lipenga, gitala n'kumagwira kayendedwe ka nyimbo, pomwe besi idali bokosi la tiyi, ndodo ndi chingwe chimodzi. Mayina ngati Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso adatchuka nacho, ndipo mu 1958 nyimbo ya Tom Hark idakafika panambala yachiwiri pamndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain.

Dzina loti kwela m'Chizulu limatanthauza zomwezo timati kwera kwathu kuno. Ngakhale galimoto za apolisi zimene zinkatola anthu akuda m'misewu ya ku Joni ankazitchula kuti kwela-kwela.

Mbale za galamafoni za nyimbozi zinkafika ku Salisbury zikadali zamoto, ndipo Daniel adazimva ali mnyamata wa zaka khumi. Kuno kumudzi nako zinkafika ndithu. Abambo obwera ku Wenela ankatsika sitima pa Balaka ndi masiteshoni ena atanyamula galamafoni, mbale zake, ena gitala kumene. N'chifukwa chake Daniel atabwerera kumudzi sadavutike kupeza omvera. Makutu a anthu adali atazolowera kale.

Chodabwitsa n'chakuti pamene iye ankayamba gulu lake ndi mng'ono wake Donald komanso anyamata ena a kwa Singano, eni ake a kwela ku South Africa adali akuitaya. Makampani ojambula nyimbo adatembenukira ku magitala amagetsi ndi saxophone, ndipo chitoliro chidayamba kuoneka ngati choseweretsa ana. Ku Chileka magetsiwo kudalibe, ndalama yogulira zida zodula kudalibenso. Umphawi womwewo ndi umene udasunga chambachi. Gulu la Kachamba Brothers lidapitiriza kuimba ndi chitoliro, gitala, besi ya chingwe chimodzi ndi maseche, likuyenda wapansi m'misika, m'mabala ndi m'misewu ya Blantyre, anthu n'kumaponya makobidi.

Sikuti ankangobwereza za ku Joni ayi. Daniel ankapeka nyimbo zake m'Chichewa, n'kumaziika m'magule osiyanasiyana: sinjonjo, double step, simanjemanje, twist ndi lumba, lomwe ndi dzina limene iye ankatchulira rumba ya oimba gitala a ku Congo ndi ku Kenya. Nkhani zake zidali za tsiku ndi tsiku, za chikondi, maukwati osokonekera, imfa ndi mavuto a munthu wapaulendo.

Pagitala ndiye padali nkhani. Mkuluyu ankachotsa nsambo imodzi n'kutsala ndi zisanu, ndipo ankazimanga m'njira zingapo zimene adazipatsa yekha mayina. Ankakhwatcha ndi zala ziwiri, chachikulu ndi chamkombaphala. Chachikulu chinkayendetsa besi, chinacho chikuimba nyimbo pamwamba, mwakuti womvera pawailesi ankaganiza kuti pali anthu awiri kapena atatu. Amene adayesapo kutsanzira kaimbidweka ndi gitala ya nsambo zisanu ndi imodzi, yomangidwa mwa kusukulu, amadziwa momwe zala zimakanira. Donald naye adali ndi lake luso: chitoliro ankachilowetsa mkamwa chopendekera kutsaya, osati kungochigunditsa pamilomo, ndipo chinkatulutsa mawu onenepa ngati lipenga.

Mu 1967 mwayi udawapeza pamsewu. Katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, amene adali paulendo ndi mnzake Maurice Djenda wa ku Central African Republic, adawamva akuimba mumzinda wa Blantyre. Adawatsatira mpaka kumudzi, n'kuwajambula mawu ndi kanema yemwe. Zotsatira zake lidali buku lonena za gululi, limene lidatuluka m'Chijeremani mu 1972 ndipo m'Chingerezi mu 1974. Ndi oimba angati a m'dziko muno amene adalembedwapo buku lathunthu pa nthawi imeneyo? Chaka chomwecho cha 1972 Daniel ndi Donald adakwera ndege kukaimba ku Ulaya.

Kuchoka apo njira za abale awiriwa zidayamba kusiyana. Donald adapitiriza ndi gulu la kwela, akuyenda maiko ambiri pamodzi ndi Kubik amene ankaimba nawo clarinet. Daniel adasanduka gulu payekha: gitala m'manja, kalimba wapakamwa atamangirira m'khosi, phazi likugunda pansi. Umu ndi momwe Amalawi ambiri amamukumbukirira, kudzera pa wailesi ya MBC yomwe idali yokhayo m'dziko muno. Dzina loti Dokotala lidamukanirira, moti mpaka lero anthu amangoti Dr Daniel Kachamba.

Kutchuka konseko sikudasanduke chuma. Kachamba adamwalira pa 25 July 1987 ali ndi zaka pafupifupi 40. Lamulo loteteza umwini wa ntchito zaluso lidadza mu 1989, ndipo bungwe la Cosoma, lotolera ndalama za oimba nyimbo zawo zikaulutsidwa, lidakhazikitsidwa mu 1992. Zonsezi zidamupeza ali m'manda. Wailesi ya kanema ya dziko lino idatsegulidwa mu 1999, choncho Amalawi ochuluka amene ankavina nyimbo zake sadaonepo zala zake zikuyenda pansambo, pomwe ophunzira a ku Vienna ankamuonera pakanema m'kalasi. Zambiri zimene Kubik adajambula zikusungidwa kumeneko, kunkhokwe ya mawu yotchedwa Phonogrammarchiv.

Pamene iye ankamwalira n'kuti makutu a achinyamata atayamba kale kuloza kwina. Ku Balaka gulu la Alleluya, limene lidayamba mu 1978 pa parishi ya Akatolika, lidali likukula ndi magitala amagetsi, ndipo m'zaka za m'ma 1990 chamba cha ku Balaka chidadzaza dziko lonse. Zimene zidachitikira kwela ku Joni zidachitikanso kuno, kungoti mochedwa ndi zaka makumi atatu.

Mu 1992 kudatuluka kaseti ya chikumbutso chake, ndipo mu 1995 kanema wotchedwa African Guitar adamuika pamodzi ndi akatswiri ena a gitala a mu Africa. Donald adakaphunzitsako kwela pa yunivesite ya UCLA ku America mu 1999, koma naye adatisiya mu January 2001. Kwa Singano, Moya Malamusi, amene adakulira m'gulu la Donald akuimba besi ya chingwe chimodzi, adatsegula malo osungirako zida zamakolo otchedwa Jacaranda, ndipo iye ndi anzake adapitiriza gululo pansi pa dzina loti Donald Kachamba's Kwela Heritage Jazz Band.