Raymond Dart ndi Mwana wa ku Taung

Raymond Dart adabadwira ku Australia m'chaka cha 1893. Atatsiriza maphunziro a udokotala, adapita ku London kumene adazama pa ntchito yoyerekeza ubongo wa nyama ndi wa munthu. Mu 1923 adayamba kuphunzitsa ku Johannesburg, mzinda umene Amalaŵi ambiri ankapitako kukagwira ntchito m'migodi.

Mu 1924 adalandira miyala yochokera ku mgodi wa laimu wa ku Taung. Mwala wina udali ndi maonekedwe a ubongo, pakuti mchenga udaloŵa m'chigaza cha mwana wina wakalekale nuuma gwa. Ubongowo udali waukulu kuposa wa nyani, koma wochepa poyerekeza ndi wa munthu. Chiboo chopitamo mtsempha wa msana chidali kunsi kwa chigazacho. Apa Dart adazindikira kuti mwanayo ankayenda choimirira.

Mu 1925 adalengeza kuti mwanayo adali mbale wakale wa anthu. Akatswiri ambiri adamutsutsa, poganiza kuti anthu adayambira ku Asia. Koma mafupa ena atapezeka ku Sterkfontein mu 1947, otsutsa aja adagonja. Dart adamwalira mu 1988, dziko litavomereza kuti anthu adayambira mu Africa.