Ambuye Mathurin Guillemé, Atate wa Misyoni ya Likuni

Inu Akristu a ku Katete, a ku Mzimba ndi a m'midzi ya dziko la M'mbelwa, ambiri a inu mudamva dzina la Guilleme, nimuliyesa dzina la malo cabe, la misyoni ija iri ku Mchinji. Koma dzinali linali la munthu, wansembe wa gulu la Abambo Oyera. Iye sanamange nyumba ya Mulungu kuno kwathu ingakhale imodzi, koma ansembe amene anayamba Katete anatumidwa ndi Eklezia amene iye anamuoka. Cifukwa cace tifuna kuti mudziwe mbiri yace.

Anabadwa pa 3 July 1859 pafupi ndi Redon m'dziko la France, nalandira unsembe caka ca 1883. Anayamba wakhala ku Zanzibar, ndipo pambuyo pace anamtuma ku Kibanga, kutsidya la kumadzulo kwa nyanja ya Tanganyika. Masiku amenewo malonda a akapolo anali asanathe. Ogula anthu ankadutsa m'dziko lija ndi magoli, namasiya odwala ndi ana ofooka m'njira; ndipo Bambo Guillemé ndi anzace ankaombola amene anatha kuwaombola, powapatsa eni ace nsalu ndi cuma cina, nawalera pa misyoni. Ena anena kuti kugula kapolo kuti umpulumutse kuli kukometsa msika wa wogulitsayo, ndipo mau awo sali opanda nzeru. Koma ife tiganiza kuti mwana amene anamasulidwa goli tsiku lija sakadatsutsana naye wansembeyo.

Abambo Oyera anali atayesa kale kulowa m'dziko lathu lino. Anafika kwa Mponda caka ca 1889, koma nchito inakanika, nacoka caka ca 1891. Tsono caka ca 1899 Bambo Guillemé anadza ku dziko la Abemba, ndipo m'mene Ambuye Joseph Dupont, amene Abemba anamucha Motomoto, anamka ku Ulaya cifukwa ca matenda, udindo wonse wa Vikariati ya Nyassa unatsala m'manja mwace kufikira caka ca 1904. M'zaka zowerengeka zimenezi ndimo anabweza ansembe ku dziko la Acewa ndi Angoni. Caka ca 1902 anatsegula Chiwamba ndi Mua. Caka ca 1903 misyoni ya Chiwamba inasamukira ku Likuni, pafupi ndi Lilongwe, ndipo caka comweco Kachebere inayamba.

Musaganize kuti anthu anathamangira ubatizo. Lamulo la Abambo Oyera linali lakuti munthu aphunzire katekisimu zaka zinai asanabatizidwe, ndipo wamitala ayambe walekana nayo mitala yace. Ambiri anayamba, natopa panjira. Kunalinso a misyoni ya Dutch, amene anali atakhazikika kale ku Mvera, ku Kongwe ndi ku Nkhoma. Ndipo popeza sukulu siinamangidwe m'mudzi popanda mfumu kubvomera, aphunzitsi a mbali zonse ziwiri ankalimbirana mafumu, nthawi zina mwa njira zosakometsa dzina la Kristu. Mkangano woposa unali wa nyau. Ansembe a nthawi ija anaziyesa mdani wa sukulu ndi wa cikhulupiriro, ndipo eni dambwe anaona kuti sukulu iwalanda anyamata. Milandu inafika kuboma kawirikawiri m'zaka za m'ma 1920. Cozizwitsa ncakuti pa Mua pomwepo, pamene mkanganowo unakula, Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni caka ca 1976, malo osungirako miyambo ya Acewa pamodzi ndi zigoba za gule wamkulu.

Caka ca 1911 Papa anamsankha kulowa m'malo mwa Ambuye Dupont, nadzozedwa uepiskopi ku Baudouinville, m'mbali mwa nyanja yomwe ija ya Tanganyika kumene anagwira nchito ali mnyamata. Caka ca 1913 dziko la Abemba linapatulidwa likhale Vikariati ya Bangweolo, ndipo iye anatsala ndi mbali ya kuno. Pa nchito zonse za uepiskopi wace ife tiyesa yaikuru ndi iyi, kuti caka ca 1929 anayambitsa gulu la Asisitere a Teresa Woyera, la ana akazi a dziko lino. Pakuti kutero kunali kukhulupirira kuti Eklezia adzaima ndi eni dziko, osati ndi alendo okha.

Nanga kuno kumpoto? Masiku onse a udindo wace munalibe misyoni ya Katolika m'dziko la M'mbelwa. A Livingstonia anali atafika kale pakati pa Angoni, ndipo Donald Fraser anakhazika Loudon, ndiye Embangweni, caka ca 1902, ndi masukulu ambiri m'midzi yozungulira. Ansembe a Ambuye Guillemé anali ocepa, ndipo nkhondo ya 1914 inawacepetsanso.

Anatula udindo caka ca 1934 atakalamba, Ambuye Oscar Julien wa ku Canada nalowa m'malo mwace. Mulungu anamsungabe zaka zisanu ndi zitatu, kotero kuti anali ndi moyo pamene Cornelio Chitsulo analandira unsembe caka ca 1937, woyamba mwa ana a dziko lino, ndi pamene misyoni ya Teresa Woyera inatsegulidwa ku Katete caka ca 1938, yoyamba ya Katolika m'cigawo ca kumpoto. Anamwalira ku Likuni pa 7 April 1942, ali ndi zaka 82. Patapita zaka zisanu, caka ca 1947, dziko la kumpoto linapatsidwa mtsogoleri wacewace, Monsinyo Marcel St-Denis, amene anayamba wakhala ku Katete. Ndipo caka ca 1961 linasanduka Dayosizi ya Mzuzu.