Dotolo Robert Noble ndi Masamba 25 a ku Jamaica

Anthu ambiri m'midzi mwathu muno amalidziwa duwa lija lomera m'mphepete mwa nyumba, la masamba obiriwira onyezimira ndi maluwa oyera kapena ofiirira, limene silifota msanga ngakhale dzuwa la Okutobala liwombe. Kwawo kwenikweni ndi ku Madagascar, kutsidya kwa nyanja yathu, ndipo akatswiri amalitcha Catharanthus roseus. Amene anayamba kuona kuti m'duwali muli mankhwala a khansa ndi Dotolo Robert Noble wa ku Canada.

Iwo anabadwa mu 1910 mumzinda wa Toronto, ndipo anatsiriza maphunziro a udotolo mu 1934. Mu 1947 anakayamba ntchito yofufuza pa yunivesite ya Western Ontario. 

Mu 1952 mkulu wawo, Dotolo Clark Noble, anawatumizira envulopu. M'katimo munali masamba 25 ochokera ku Jamaica, kumene anthu ankawawiritsa n'kumamwa pofuna kuchiza matenda a shuga. A Noble sanapeputse mankhwala a m'mudzi, komanso sanangowakhulupirira. Anawayesa. Shuga sanatsike ayi. Koma atabaya makoswe ndi madzi a masambawo, makoswewo anayamba kudwala n'kufa. Powapima, anapeza kuti maselo oyera a m'magazi, asilikali a thupi aja, atha pafupifupi onse.

Wina akanataya masambawo kudzala. A Noble anaganiza mwina. Pali khansa zina zimene zimabwera chifukwa maselo oyera omwewo achulukana mopanda malire. Ngati tsambali limapha maselo otere, kodi silingagwire khansayo?

Mu 1954 kunabwera katswiri wa kemisitiri, Charles Beer, ndipo awiriwa analimbana ndi masamba kwa zaka zinayi. Mu 1958 analengeza mankhwala amene lero akutchedwa vinblastine, amene amaletsa selo kugawikana. Kampani ya Eli Lilly ya ku America inatulutsa m'duwa lomwelo mankhwala ena, vincristine. Awa ndiwo amapatsidwa ana odwala khansa ya m'magazi ndi khansa ya Burkitt yotupitsa nsagwada, komanso odwala Kaposi, matenda odziwika m'zipatala zathu ndi za ku Malawi.

Khansa nayo ili ndi ukathyali wake. Kwa odwala ena imazolowera mankhwala. Mu 1976 ku Toronto komweko, Victor Ling ndi mnzake anapeza kuti maselo ena osamva mankhwala ali ndi puloteni imene pambuyo pake inadziwika kuti imapopera mankhwala kunja asanagwire ntchito. N'chifukwa chake madotolo amaphatikiza mankhwala angapo, ndipo ofufuza akadali kusanthula zomera zina.

Pano tichenjezane. Kuti papezeke galamu imodzi ya vinblastine pamafunika masamba ouma pafupifupi makilogalamu 500, ndipo mankhwalawo amalowera mumtsempha, pa mlingo wopimidwa. Kuwiritsa duwali mumphika sikuchiza khansa. Kumbukirani makoswe aja. Amene ali ndi chotupa chosatha apite kuchipatala msanga.

Mu 1960 a Noble anasamukira ku Vancouver kukatsogolera kafukufuku wa khansa pa yunivesite ya British Columbia. Boma la Canada linawapatsa ulemu wa Order of Canada mu 1988, ndipo anamwalira mu Disembala 1990, ali ndi zaka 80.